Ana Anga, Foni Ili M'manja, Nanga Mukuwerenga Chiyani?

Ana anga, khalani pansi timvane. Ikani kaye foniyo pamphasa, siithawa. Ndili nanu nkhawa, ndipo nkhawa yanga si ya njala kapena ya matenda. Ndikuona chinthu cha mtengo wapatali chikupulumuka m'manja mwanu inu osadziwa. Chinthucho ndi kuwerenga. Kuphatikiza zilembo mumatha, mwinanso kuposa ife. Chimene chikukuthawani ndi kukhala pansi ndi nkhani imodzi, kuitsata kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuimvetsa bwino, n'kudzuka muli ndi kanthu m'mutu kamene munalibe.

Ndikudziwa muyankha kuti, "Koma madala, ife timawerenga tsiku lonse." Zoonadi, maso anu sachoka pafoni. Mumadzuka ndi WhatsApp, mumaswera pa Facebook, mumagonera TikTok. Koma tandiuzani, pa zonse munaona dzulo, chatsala m'mutu n'chiyani? Woimba uyu wanyoza woimba uja. Banja la uje latha. Wina wavina modabwitsa pa ukwati. Bandulo yatha, moto wa foni watha, tsiku nalo latha. Makolo anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zimene mumatolatola pafonipo zili ngati zitumbuwa za pamsewu: zimakoma m'kamwa, koma munthu salima nazo munda. Thupi limafuna nsima, mutu nawo umafuna nkhani yokhutitsa.

Musandimve molakwa. Sindikuti tayani mafoni. Kachipangizo kameneko kakhoza kukufikitsani ku mabuku ochuluka kuposa amene aphunzitsi athu onse anawaonapo. Ife buku limodzi tinkalidikirira mosinthana, lina lopanda chikuto, lina losowa masamba akumapeto. Inu nkhokwe yonse muli nayo m'thumba, koma mumangozungulira kunja kwake. Chimene chikundipweteka mtima n'chimenecho.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake analephera kumulipirira fizi, ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Sanakhale pa sitolo kuwerenga magalimoto odutsa. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankayang'anitsitsa zithunzi mpaka kumvetsa mmene zinthu zimalumikizirana. Anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi, njinga yakutha ndi dayinamo, n'kuimika nsanja ya mitengo ya bulugama. Anthu ankati wapenga. Ali ndi zaka 14 zokha anayatsa babu m'nyumba ya makolo ake. Intaneti anadzaiona koyamba mu 2007 ku Arusha, ntchito atagwira kale. Iye analibe foni ngati yanuyo. Nanga inu mukudikira chiyani?

Kumbukiraninso Legson Kayira wa kumpoto. Ali pa sukulu ku Livingstonia anawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, mtima wake n'kuyamba kulakalaka maphunziro apamwamba. Mu 1958 ananyamuka wapansi kulowera kumpoto, atanyamula Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress. Atafika ku Kampala analowa mulaibulale, n'kupeza buku la mayina a makoleji a ku America. Analemba kalata ku Skagit Valley College ndipo anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, kenako anakafika ku America mu 1960. Ulendo wonsewo anaulemba m'buku lotchedwa I Will Try, limene linatuluka mu 1965. Lifuneni bukuli, muliwerenge. Mukamaliza simudzanenanso kuti laibulale ili kutali.

Anyamata awiriwa sanawerenge chifukwa chokakamizidwa ndi mayeso. Anawerenga zimene mtima wawo unkafuna. Inunso yambirani pomwepo. Vuto lanu n'lakuti mumayesa kuwerenga ndi chilango cha kusukulu, ndipo mukangolemba mayeso a Fomu 4 mumati mwapuma. Ena mumafika pogulitsa makope anu kwa ogulitsa mandasi. Lekani zimenezo. Aliyense wa inu ali ndi chimene amachikonda: wina nkhuku ndi nkhunda, wina mpira, wina gitala, wina kusoka, wina kumasula mawailesi. Chimene mumakondacho chili ndi mabuku ake ndi masamba ake pa intaneti. Chitsateni, chidzakutsegulirani zitseko zina.

Ndiyambe ndi inu okonda munda, dimba ndi khola. Musamati ulimi safunsa buku. Nyengo yasintha, ndipo tizilombo tina tafika posachedwapa. Mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'minda yathu cha mu 2016 ndi 2017, ndipo agogo anu sanakule nazo kuti akuuzeni mankhwala ake. Pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Apempheni timabuku ndi timapepala ta ku Unduna wa Zamalimidwe, kuphatikizapo magazini ya Za Achikumbi ngati ali nayo, ngakhale yakale. Mudzapezamo chifukwa chake amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Mukadziwa chifukwa, simudzabzala mongotsanzira. Pa intaneti funani Access Agriculture. Kumeneko kuli mafilimu afupiafupi a alimi akuphunzitsa alimi anzawo, ndipo ena anawaika m'Chichewa. Onerani za kupanga manyowa, kusunga mbewu ndi kuweta. Werengani za chuku cha mtedza, kuti mudziwe chifukwa chake si bwino kuwaza madzi mtedza musanaswe: chinyontho chimabala chuku, ndipo chuku chimawononga chiwindi ndi kugwetsa mtengo pamsika. Tsatiraninso zimene imalengeza nthambi ya boma yoona za nyengo. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anatiphunzitsa mowawa kuti chenjezo la nyengo si loseweretsa. Chakudza sichiimba ng'oma, koma masiku ano nthawi zambiri chimalembedwa chisanafike.

Tsopano inu a manja aluso, okonda sipanala, waya ndi makina osokera. Kuphunzira poonerera mmisiri n'kwabwino, koma mmisiri amakuphunzitsani zokhazo zimene iye akudziwa. Onjezerani ndi kuwerenga. Pali tsamba lotchedwa iFixit limene limaonetsa ndi zithunzi, sitepe ndi sitepe, mmene mungamasulire foni, kompyuta ndi zipangizo zina popanda kuziwononga, ndipo salipiritsa. Mukagula chipangizo cha sola kapena pampu yothirira, musataye kabuku kake. Kawerengeni kaye musanalumikize waya, chifukwa safunsa anadya phula. Mabatire ambiri amafa msanga chifukwa mwini wake sanawerenge tsamba limodzi lokha. Ngati masamu anakugonjetsani kusukulu, bwererani kwa iwo kudzera pa Khan Academy, kumene amaphunzitsa kwaulere kuyambira kuwonkhetsa mpaka masamu a ku koleji. Kumeneko palibe wokusekani mukalakwa, ndipo phunziro limodzi mukhoza kulibwereza mpaka litalowa. Telala wosadziwa miyeso amawononga nsalu ya mwini. Kalipentala wosadziwa ngodya amamanga denga lodontha.

Inu okonda mpira, ndimakumvani mukukangana mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Mumadziwa osewera onse a Arsenal ndi Manchester United, ngakhale okhala pabenchi. Koma ndani mwa inu anawerengapo malamulo a mpirawo? Alipo 17 okha, ndipo bungwe la IFAB limawaika pa intaneti kwaulere. Awerengeni. Mudzadziwa kuti palibe ofusayidi pa mpira woponya ndi manja kuchokera kunja, ngakhalenso pa kona, ndipo mudzaleka kutukwana woimbira wosalakwa. Mwina wina mwa inu adzakhala woimbira kapena mphunzitsi wa timu. Funaninso mbiri ya mpira wathu. Dziwani kuti Malawi inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, m'masiku a Kinnah Phiri, ndiponso mu 1988. Dziwani kuti Flames inakafika koyamba ku mpikisano wa Africa mu 1984. Atsikana, werengani za Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi amene akugwedeza maukonde kunja, ndiponso za Queens yathu ya netibo. Koma masamba a kubetcha athaweni. Amene anawakonza anawerengera kale masamu ake kuti iwo apindule, inu muluze. Ngati mukufuna masewera onola ubongo, phunzirani chesi pa Lichess, kumene kulibe kulipira, ndipo madzulo mukakhale pansi pa mtengo ndi akuluakulu akuphunzitseni bawo.

Inu oimba, mverani. Nyimbo sizinayambe ndi situdiyo ya pa kompyuta. Mumamudziwa Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene gitala imodzi m'manja mwake inkamveka ngati oimba angapo? Katswiri wina wa ku Austria, Gerhard Kubik, anachita kubwera kuno kudzaphunzira za iye ndi mng'ono wake Donald, mpaka kulemba buku la gulu lawo. Mumamudziwa Allan Namoko? Mumadziwa kuti nyimbo ya fuko lathu anaipeka ndi Michael Sauka? M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ya dziko lino kujambula mawu a oimba bangwe, kalimba ndi zida zina, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Lembani mayina amenewa pa YouTube, mudzamva mawu a azigogo anu. Mverani mofatsa mmene ankalukira mawu, mmene ankadzudzulira mfumu kapena mwamuna waulesi popanda kutukwana. Kenako werengani za lamulo la umwini wa nyimbo ndi ntchito ya COSOMA musanasaine pepala lililonse. Oimba ambiri aluso afa ali amphawi chifukwa chosaina zimene sanawerenge.

Inu okonda tchire, mbalame ndi nsomba, musachite manyazi ngati kuti n'zachibwana. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo m'nyanja yathu muli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO linaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona mbuna zimene inu mumazipyola osazicheukira. Ikani pansi legeni, tengani kope. Lembani mbalame imene mwaona, malo ake ndi mwezi wake. Pa eBird mudzapeza zithunzi ndi kulira kwa mbalame zambiri, ndipo zimene mwaona inu mukhoza kuzilembanso pomwepo. Funsani ku Wildlife and Environmental Society of Malawi za makalabu awo a m'sukulu. Amene amaperekeza alendo ku Liwonde, ku Nyika kapena pa phiri la Mulanje amadya chifukwa chodziwa mayina ndi makhalidwe a zolengedwa.

Inu okonda kukhitchini, anyamata ndi atsikana omwe, si zonse zokoma zimachokera kunja. Mumaonera azungu akuphika zakudya zimene zipangizo zake simungazipeze pamsika wa kwanu, pomwe luni, chisoso, denje ndi bonongwe zikumera kuseri kwa nyumba. Mayi wina dzina lake Jessie Williamson analemba buku la zomera zothandiza za dziko lino, limene linatuluka mu 1955 ndipo pambuyo pake linadziwika ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. M'menemo muli mayina a zomera m'zilankhulo zathu ndi ntchito zake. Lifunseni m'malaibulale akuluakulu. Mukalipeza, pitani nalo kwa agogo anu aakazi muyerekeze zimene lanena ndi zimene iwo akudziwa. Afunseni kafutsidwe ka mfutso, kaphikidwe ka thobwa ndi kasiyanitsidwe ka bowa wodyedwa ndi wakupha. Pa bowa pokhapo musadalire chithunzi cha pafoni, tsatani munthu wodziwa, chifukwa kulakwitsa kwake ndi maliro.

Pa mbiri ya dziko lanu ndiye ndikudzudzuleni kwambiri. Nkhope ya John Chilembwe mumayenda nayo m'thumba pa ndalama, ndipo pa 15 January mumapuma. Koma mukafunsidwa chimene chinachitika ku Mbombwe ndi ku Magomero mu January 1915, mumangokanda m'mutu. Werengani Let Us Die for Africa la D.D. Phiri, mkulu amene analemba mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala mpaka ukalamba wake. Amene Chingerezi chinakhazikika, limbanani ndi Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958, komanso A History of Malawi la John McCracken. Atsikana, pa K200 pali Rose Chibambo. Funani buku la Lomathinda limene Timwa Lipenga analemba atacheza naye, ndiponso Fearless Fighter la Vera Chirwa, amene anakhala m'ndende zaka zoposa khumi. Werengani And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mukatero mudzadziwa mtengo wa ufulu umene mumautaya potukwanizana pa Facebook. Mukakhala ku Blantyre, kwerani pamwamba pa nyumba ya Mandala, pali laibulale ya Society of Malawi. Mukakhala ku Zomba, kuli nyumba yosungira zikalata zakale za dziko lino. Mukadutsa ku Mua, lowani ku Kungoni mukaone za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Pa Project Gutenberg pali mabuku akale oposa 70,000 aulere, kuphatikizapo a David Livingstone ofotokoza za Zambezi ndi Shire. Awerengeni, koma muzikumbukira kuti mlendo analemba zimene anaona ndi maso a chilendo.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi chilankhulo chathu. Mumalemba Chichewa chodukaduka, chosakaniza, chopanda mutu. Ena mumanyadira kuti simutha kuwerenga Chichewa, ngati kuti umbuli ndi ulemu. Chonsecho Chingerezi chimene mukuthamangiracho simunachigwirenso. Mapanga awiri avumbwitsa. Bwererani kwa alembi athu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa n'kusindikizidwa mu 1933, ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi. Analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. John Gwengwe anatisiyira Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. E.J. Chadza anatisiyira Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu. Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Jolly Max Ntaba analemba Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta. Miyambi mudzaipeza mu Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, ndiponso m'buku la J.C. Chakanza limene muli miyambi 2,000. Mawu akakuvutani, tsegulani Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba mu 2000. Loweruka mukapeza nyuzipepala, musathamangire tsamba la mpira lokha, werenganinso masamba a Chichewa a Tamvani kapena Tikambe. Buku Lopatulika limene lili pa shelefu ya amayi anu linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo Chichewa chake n'chozama. Liwerengeni mokweza, lilime lanu lidzawongoka. Aang'ono anu asakule opanda nthano. Pa African Storybook pali timabuku ta zithunzi taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili pomwepo. Awerengereni madzulo. M'mera mpoyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene aliyense ayenera kuwerengako, kaya amakonda chiyani: thanzi ndi malamulo. Pa za thanzi, funani buku la David Werner lotchedwa Where There Is No Doctor, limene liliponso m'Chichewa pa dzina loti Pamene Palibe Dokotala. Limafotokoza m'mawu osavuta zizindikiro zoopsa za matenda, chithandizo choyamba, ndi nthawi yoyenera kuthamangira kuchipatala. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pomwe madzi otetezedwa, kusamba m'manja, Thanzi ORS ndi kufulumira kuchipatala zimapulumutsa moyo. Koma buku lisakusandutseni dokotala. Likuthandizeni kufika msanga kwa dokotala ndi kumvetsa zimene akunena. Pa za malamulo, pali tsamba la MalawiLII pamene pali malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti, zaulere. Werengani gawo la ufulu wachibadwidwe m'malamulo oyendetsera dziko a mu 1994. Werengani lamulo la ntchito musanayambe ganyu ya mwezi. Dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Dziwani kuti kuyambira 2017 malamulo salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Wosadziwa lamulo amaberedwa masanasana, n'kuthokozanso wakubayo.

Tsopano chenjezo. Si zonse zolembedwa zili zoona. Kale buku lisanatuluke linkadutsa m'manja mwa anthu angapo oliunika. Lero aliyense wokhala ndi bandulo ndi mlembi. Choncho mukawerenga kanthu, dzifunseni mafunso atatu. Walemba ndani? Walemba liti? Akufuna chiyani kwa ine? Nkhani yopanda dzina la mwini wake ikayikireni. Uthenga wokuuzani kuti muutumize kwa anthu khumi msangamsanga, ufufuteni. Wokulonjezani ntchito kunja kapena mphoto ya mpikisano umene simunalowe, n'kumapempha ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi, ndi mbala. Wokuuzani kuti mankhwala amodzi amachiza matenda onse akufuna thumba lanu. Chithunzi chikhoza kukhala chakale, kapena cha dziko lina, kapena chopangidwa ndi makina. Ngakhale makina oyankha mafunso aja, monga ChatGPT, nthawi zina amanena zabodza mosaphethira. Wikipedia ndi poyambira pabwino, koma tsikirani pansi pa nkhaniyo muone kumene anaitenga. Nkhani yaikulu muziifuna m'malo awiri kapena atatu odziwika musanaikhulupirire. Ndipo musamwaze zimene simunatsimikize. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Dziwaninso kuti kuyambira 2016 kuli lamulo loona za pa intaneti, ndipo chala chikhoza kukulowetsani m'chitokosi monga mmene pakamwa pamachitira.

Mundifunsa kuti nthawi ndi ndalama muzitenga kuti. Nthawi muli nayo, mumangoimwaza. Patulani theka la ola tsiku lililonse, m'mawa kapena madzulo. Pa nthawiyo tsekani WhatsApp, anzanu sakufa. Musatsegule masamba khumi nthawi imodzi. Sankhani awiri kapena atatu okhudza chimene mumakonda, muwadziwe bwino. Mukapeza netiweki yabwino, koperani buku kapena phunziro mufoni kuti mukawerenge kunyumba popanda kudya bandulo. Zolembedwa sizidya mayunitsi ngati mafilimu, choncho wowerenga amawononga zochepa kuposa woonera magule. Khalani ndi kope la chikuto cholimba. Lembanimo mawu atsopano, mfundo imene yakugwirani mtima, ndi funso limene latsala. Zimene dzanja lalemba mutu suiwala msanga. Buku likakuvutani, musalitaye pa tsamba lachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo zimene mwawerenga muziziyesa: bzalani mzere umodzi mwa njira yatsopano, sokani chovala chimodzi, konzani wailesi imodzi. Kuwerenga kosafika m'manja n'kungodzitukumula.

Lembetsani ku laibulale. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo. Kumene kulibe nthambi, funsani kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa mphunzitsi wopuma ntchito. Mabuku alipo, akungodyedwa ndi chiswe m'makatoni. Mukabwereka, bwezani, ndipo bwezani lili bwino. Musang'ambe tsamba kuti mukulungire mtedza kapena kuyatsira mbaula, chifukwa mukatero mwatsekera mnzanu njira. Pezani anzanu atatu kapena anayi okonda zofanana, muzisinthana mabuku ndi kukambirana zimene mwapeza. Mutu umodzi susenza denga. Anyamata, musamalande alongo anu nthawi yowerenga powasiyira ntchito zonse za pakhomo. Gawanani ntchito kuti nonse mupeze mpata.

Musaiwalenso kuti nzeru zina sizinalembedwe paliponse. Zili m'mitu ya nkhalamba za m'mudzi mwanu, ndipo maliro aliwonse amapita nazo zina. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Khalani nawo pansi, afunseni za mbumba yanu, za njala ya 1949, za mayina a mitengo ndi ntchito zake, za nyimbo za pamtondo. Foni yomweyo ijambule mawu awo, atakulolani. Kenako lembani. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, koma ya Chichewa ili ndi zochepa zedi, ndipo aliyense amaloledwa kulembamo. Mukudikira kuti abwere ndani kudzalemba za mudzi wanu, za phiri lanu, za gule wa kwanu? Amene wawerenga bwino ndiye amalemba bwino, ndipo ana anu adzawerenga zimene inu mudzasiye.

Ana anga, sindikukuuzani izi chifukwa chodana ndi nthawi yanu. Ndikukuuzani chifukwa ndimakukondani, ndipo ndikudziwa kuti muli ndi mitu yabwino. Unyamata subwera kawiri, maso akuthwawo sadzakhala choncho mpaka kale. Musadikire chaka chatsopano. Sabata ino isanathe, sankhani buku limodzi ndi tsamba limodzi la pa intaneti zokhudza chimene mumakonda. Liyambeni bukulo, mulimalize. Mukamaliza, mufotokozere mng'ono wanu zimene mwapezamo, mumupatse naye awerenge, inu mutenge lina.